Masamba a Maliro Pageti Panga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri muno mumanditchula kuti a Meya. Dzina langa la ubatizo ndine Lenadi. La Meyali ndinadzipatsa ndekha wina asanandivotere n'komwe, ndipo linandimata ngati chisoso pabuluku.

Ndinabadwira konkuno ku Phalula. Nditatsegula shopu ya malata ndi simenti ku Balaka zinthu zinandiyendera. Mimba inatuluka, koma mutu unakula kuposa mimbayo. Ndinamanga nyumba ya mpanda, n'kuikapo geti lachitsulo. Kutchalitchi kuno ndinkabwera, inde, koma mochedwa dala kuti mucheuke muone jekete. Ena mukuseka chifukwa mukukumbuka.

Chisankho chitayandikira ndinaima pa ukhansala wa dera lathu lino. Koma mtima wanga sunali pa ukhansalawo. Makhansala akasankhidwa amasankhana okhaokha wowatsogolera, ndipo mpando umenewo ndi umene ndinkaulota usana ndi usiku. Umeya wangawo unali umenewo.

Ndinachita hayala lole, n'kumangirirapo zimkuzamawu. Dalaivala wake anali Che Saidi, Msilamu wofatsa wa ku Ngokwe. Tinkazungulira midzi, nyimbo yonditamanda ili pamwamba, ine ndikulankhula. Sindinafunsepo munthu kuti vuto lake n'chiyani. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale.

Tsiku lina masana tikuthamangira kumsonkhano, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Nonse mukudziwa tanthauzo lake. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono wailesi atazimitsa, chifukwa pamenepo pali maliro.

Che Saidi anaponda buleki, dzanja n'kulunjika pozimitsira nyimbo. Anati, “Bwana, pali zovuta apa.”

Ine ndinawakankha dzanjalo. Ndinati, “Pondani moto, tachedwa. Omwalira savota.”

Abale anga, maikolofoni inali kukamwa kwanga, yosazimitsa. Mawu amenewo anatulukira pazimkuzamawu zonse, n'kukagwa pakati pa anamfedwa. Tinadutsa tikuponda masamba aja, fumbi lili koboo.

Womwalirayo anali Anachisale, akazi a a Makwinja, mkulu wa mpingo uno. Anachisale ndi amene anasambitsa thupi la mayi anga tsiku limene tinawaika m'manda.

M'mawa mwake nditatsegula geti, ndinapeza masamba aawisi atayalidwa panjira, uku ndi uku kwa nyumba yanga. Bambo wina wa makala anatsika njinga yake, navula chipewa, n'kudutsa mwakachetechete. Ndinamufunsa kuti wamwalira ndani.

Anayankha osandiyang'ana. “Tamva kuti a Meya atisiya. Munthu wamoyo sangachite zija zadzulo.”

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinapsa mtima, n'kuwerama kuti ndiwachotse. Akazi anga, Anabanda, anandigwira malaya. Anati, “Iyayi, musawakhudze. Awachotse ndi omwe anawaika.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mtembo woyenda. Ndikapereka moni anthu ankayang'ana kumbali. Kumsonkhano wanga kunabwera mipando yokhayokha ndi mbuzi za eni ake. Che Saidi anandiuza mwaulemu kuti ndipeze dalaivala wina. Muno m'tchalitchi benchi yonse inali yanga ndekha, malo onse aja ndinkawafuna aja ndinawapeza. Amayi ena ochenjera anafika mpaka pobweretsa nkhuni kwa Anabanda, amvekere pepani ndi zovutazi.

Zonsezo ndinazipirira ndi liuma langa. Chimene chinandithyola ndi funso limodzi la akazi anga. Tili pakhonde anandifunsa kuti, “Tsiku limene ine kapena inu tidzagone m'nyumba muno osadzukanso, adzatikumbira manda ndani? Adzagona pasiwa ndani? Jekete lanu lija?”

Ndinachita mantha, mantha enieni. Mavoti sanandidetsenso nkhawa. Ndinaona kuti ndatsala wopanda anthu, ndipo ndawatayitsanso anthu akazi anga osalakwa.

Tsiku limenelo kushopu sindinagulitse kanthu. Ndinalowa kuseri kumene timasungira simenti, ndinagwada pakati pa matumba, n'kulira ngati mwana wolandidwa mango. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, Ambuye Yesu, anthuwa akunena zoona, ndine wakufa, ndidzutseni. Sikunang'anime mphezi, sikunamveke mawu. Koma nditadzuka mawondo ali mbuu, ndinadziwa koyenera kupita.

Tinapita wapansi, ine ndi Anabanda, jekete nditalisiya pamsomali. Tinawapeza a Makwinja akutong'ola chimanga. Anandilozera mpando, ine ndinakhala pansi padothi. Ndinapepesa mmene ndikanathera.

A Makwinja anapitiriza kutong'ola chimanga chawo. Kenako anafunsa, “Chimkuzamawu chanu chija mwabwera nacho?”

“Iyayi, bambo.”

“Ndiye mwina lero mumva.”

Anayamba kundifotokozera za akazi awo. Anati mpaka miyezi yawo yomaliza ankawoloka msewu waukulu ndi ndowa pamutu, pakati pa malole, chifukwa mjigo wa mbali yathu unawonongeka kalekale. Anati amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu alibe chimbudzi. Zonsezi zinkachitika kuseri kwa mpanda wanga, ine osadziwa. Ndinamvetsera mpaka dzuwa linapendeka. Zakuti andikhululukira sananene. Anangoti, “Mufike bwino.”

Masamba aja anakhalabe pageti. Anafota, anauma, mbuzi zinadyako. Ine osakhudza.

Lole ija ndinabweza. Ndinayamba kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi, kukhala pansi ndi kutseka pakamwa. Kwa munthu ngati ine, kutseka pakamwa chinali chozizwitsa chachikulu kuposa kuchira kwa wodwala. Ena ankandithawa, ena ankandikalipira, ine n'kumati pitirizani. Tinagwirizana ndi achinyamata ndi amayi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, mpaka mjigo uja tinaukonza.

Kutagwa maliro ena ndinalawirira kumanda, n'kupempha adzukulu okumba manda kuti andibwereke khasu. Anayang'anana. Mmodzi anati, “Apatseni, tione ngati mimbayi ikwane m'dzenje.” Inakwana. Manja anatuluka matuza, iwo akufa nazo kuseka. Koma tsiku limenelo anandiitana kuti tidzadyere limodzi.

Sindikunamizani pamaso pa Mulungu, masiku oyamba kamtima ka mavoti kanalipobe. Koma ukakhala pansi ndi anthu, n'kumamva zimene zimawasowetsa tulo, umayamba kuwakonda osadziwa. Ambuye anandisintha ndili pamkeka wa eni ake.

M'mawa wina ndinamva kugogoda pageti. Nditatsegula ndinapeza a Makwinja atawerama, akutola masamba ouma aja limodzilimodzi. Che Saidi anali pambali pawo akuwathandiza. Anthu odutsa anaima n'kumaonerera. Atamaliza, mkuluyo anawongoka, nasansa m'manja, n'kuitana akazi anga.

Anati, “Anabanda, maliro atha pakhomo pano. Takubwezerani amuna anu.”

Akazi anga anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka kumsika. Ine ndinangoima, misozi ili chuchuchu. Wa makala uja anadutsa ali panjinga, chipewa chili kumutu, n'kukuwa kuti, “Mwadzuka bwanji a Meya?” Moni wokoma ngati umenewo sindinaulandirepo chibadwire.

Ndikudziwa kuti alendo mukufuna kumva za chisankho. Ukhansala munandipatsa, zikomo. Umeya uja anzanga anapatsa mayi wina amene kale anali mphunzitsi, ndipo akuyendetsa bwino kuposa mmene ine ndikanachitira. Ndinawaombera m'manja ndi mtima wonse. Dzina lokha ndi limene ndinatsala nalo, ndipo mukamandiitana nalo tsopano ndimaseka nanu.

Ndikuyamika Yesu amene anandilola kuona maliro anga ndili moyo, n'kundidzutsa. Ndikuyamikanso a Makwinja, ali apo pabenchi yakutsogolo, amene masiku ano amandisungira malo pambali pawo.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina nawenso uli ndi chimkuzamawu chako, ukuthamanga, anthu akulira m'mbali mwa njira iwe osamva. Usadikire kuti akuyalire masamba pakhomo. Zimitsa, tsika, bwera udzakhale pansi pamaso pa Ambuye lero lomwe. Pano malo alipo, ine ndasuntha kale.

Ambuye alemekezeke. Amen.