Amkhalapakati, Oyanjanitsa Makina Osamvana

Munthu akaitanidwa amayankha. Mwambo umenewu timaphunzitsa ana, koma auphwanya ndi anthu ophunzira, ndipo n'chifukwa chake tasonkhana pano.

Malemu, amene kuntchito ndi kunyumba komwe tinkawatcha Amkhalapakati, anabadwa mu 1969, m'chipinda cha kuseri kwa shopu imene bambo awo ankasokeramo zovala. Anaphunzira pasukulu ya mishoni, kenaka anachita maphunziro a makompyuta. Anamanga banja ndi aphunzitsi a masamu, amayi akhala patsogolowa.

Ntchito yawo inali kuyanjanitsa mapulogalamu a makompyuta a m'chipatala. Pulogalamu ya madokotala inkatumiza uthenga ku pulogalamu ya kumalo operekera mankhwala, n'kumayesa kuti chete ndiye kuvomera. Ya kumankhwala nayo, ikapanda kumvetsa uthenga, inkangoutaya osanena kanthu. Malemu analemba kapulogalamu kokhala pakati, kobwereza uthenga kufikira yankho litabwera. Zikakanika, kankaliza foni yawo. Ankaseka kuti akulera ana awiri amwano, wina gonthi, wina wouma pakamwa.

Kutchalitchi ankaimba besi m'kwaya, ndipo sankalola msonkhano kubalalika anthu asanamvane.

Atadwala mtima, anagonekedwa m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchitocho. Masiku amenewo wachiwiri wawo kuntchito anachotsa kapulogalamu kaja, ati kankachedwetsa zinthu. Dokotala anasintha mankhwala a malemu. Uthenga unapita, sunalandiridwe, ndipo palibe anafunsa. Anamwino anapitiriza kupereka akale aja mpaka malemu anatisiya.

Tsopano a kuchipatala abwezeretsa kapulogalamuko. Makina akasemphana, foni ya malemu imalira patebulo la kuchipinda, pafupi ndi magalasi awo. Amayi amangoiyang'ana, alibe mtima woizimitsa.

Akuluakulu a kuntchito anatipempha kuti tingonena kuti anali matenda. Koma m'mawa uno wachiwiri uja waimirira pamaso pa banja ndi anzake onse, ndipo wavomera kuti anachotsa kapulogalamu kaja ndi dzanja lake, chonsecho malemu anali atamuletsa. Tamumva tonse. Kukhululuka n'kwa amayi, ndipo iwo sanalankhulebe.

Malemu asiya akazi awo, ana aamuna awiri, wamkazi mmodzi, alongo awo ndi mdzukulu wakhanda amene sanamunyamuleko.

Iwo amene ankayanjanitsa ena, apumule mu mtendere.