Maliro Achiwiri a Sajeni Mwanakombo

Malemu athuwa, a Sajeni Kingsford Mwanakombo, anabadwa pa 14 Marichi 1984 konkuno ku Chilobwe, achiwiri m'banja la ana atatu. Ine ndine Noel, msuweni wawo. Paja msuweni satsekedwa pakamwa, ndiye mundipirire.

Anaphunzira pulayimale kuno, sekondale ku Limbe, ndipo mu 2005 analowa usilikali. Mu 2011 anamanga banja ndi mayi Cecilia a ku Chikwawa. Mu 2013 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Tionge. Tinkawaseka kuti msilikali wathunthu n'kumabereka mwana kumbuyo popita kumsika, koma iwo analibe nazo ntchito.

Mu 2017 anatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo. Ponyamuka anatenga kasokosi kamodzi ka Tionge n'kuika m'thumba la yunifolomu. Chaka chotsatira zigawenga zinawabisalira m'nkhalango, zinawawombera pantchafu n'kuwagwira. Zinkawasenzetsa katundu chilonda chikutuluka mafinya. Chakudya chawo chinali chinangwa chachiwisi, pogona pamatope, mvula ikuwakhuthukira. Anandiuza okha kuti masiku ena imfa ankailakalaka, koma akakhudza kasokosi kaja ankadzukanso.

Akuluakulu a kuntchito anatiuza kuti asowa ndipo akufunidwabe. Sananene kuti amwalira. Mawu amenewo anatuluka m'banja muno. Chaka chisanathe, akulu awo, a Bonface, anaitanitsa maliro. Anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi, n'kukalikwirira kumanda. Ine ndinakana kuponya dothi ndipo ndinatchedwa wamisala. Mayi Cecilia analira kuti tidikire, koma anasudzulidwa msangamsanga n'kukwezedwa basi ya ku Chikwawa, mwana kumanja. M'nyumba imene malemu anamanga munalowa ena. Sinditchula dzina kawiri, mwakhala pamipando yakutsogolo.

Mu 2019 malemu anathawa m'manja mwa zigawenga zija, nabwera kwawo akutsimphina. Atatsika minibasi pasiteji, anthu anabalalika. Pakhomo pawo anawatsekera chitseko, ati ndi mzukwa. Ku Chikwawa anakapeza mayi Cecilia atakwatiwa kwina, ndipo sanawaimbe mlandu. Koma Tionge, amene anaona ndi maso ake bokosi la bambo ake likutsika m'dzenje, atawaona anathawa akukuwa. Malemu anapitakonso kangapo, mwana n'kumabisala kunsi kwa bedi. Pomaliza analeka, poopa kumudwalitsa mwanayo ndi mantha. Chipolopolo chija sichinawapweteke ngati zimenezi.

Atapuma usilikali chifukwa cha mwendo, ankalondera pafakitale ina ku Makata, akugona m'kachipinda ka lendi ku Mbayani, nyumba yawo ilipo. Amati chibale ndi fupa sichiola. Chathuchi chinaola dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine zikundiwawa.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso. Ku chipatala cha Gulupu, aliyense wolowa ankamufunsa ngati mwana wabwera. Anatisiya pa 9 Juni 2024 asanamugwire dzanja. Tionge wafika m'mawa uno ndi mayi ake. Kasokosi kaja tinakapeza pansi pa pilo, ndipo tamupatsa mwini wake. Poona nkhope lero sanathawe.

Malemu asiya mwana mmodzi, Tionge, alongo awo a Ellen, ndi akulu awo a Bonface. Tikuthokoza abusa, amayi a Mvano, asilikali anzawo, anamwino a ku Gulupu, komanso adzukulu amene akumbira munthu mmodzi manda kawiri. Anyamata onyamula, gwirani bwino bokosilo. Ulendo uno muli munthu, si nthochi.

Asuweni, kumene mukupitako sakutsekerani chitseko. Mzimu wanu uuse mumtendere.