Mbuzi ya Lorenso ndi Chisankho cha ku Amereka

Lorenso, wodula nzimbe wa kwa Katunga amene anabwerera kusukulu ndevu zitamera kale, ankaloweza mbiri ya Amereka mokweza pansi pa mtengo wa msawu. Pambali pake anamangapo mbuzi yake yokhayo imene inapulumuka madzi osefukira, ndipo ankaikonda koposa abale ena. Tsoka ilo, malume ake a Sebastiano, amene sagona asanakumbutse anthu kuti makolo awo Amagololo ankathamangitsa ogula akapolo, anali atatchera khutu.

"Wati kuli chisankho?"

"Kunali, malume, cha pulezidenti. Anapikisana anthu anayi. Mmodzi ankakana kuti ukapolo ufalikire."

"Ameneyo ndi wathu! Zamuyendera bwanji?"

"Anapambana."

A Sebastiano anaponya chipewa m'mwamba. "Tenga mpeni! Mbuzi iyi yaona dzuwa lomaliza."

Lorenso anaima kutsogolo kwa mbuzi yake. Koma mwana wa eni ake sankadziwa kunama, ngakhale bodza lopulumutsa chiweto.

"Malume, zinachitika m'chaka cha 1860."

"Nanga n'zachilendo? Nkhani zimachedwa kufika kuno kuchigwa. Feteleza amafika titakolola, koma timamulandira."

"Munali musanabadwe!"

"Ndiye ukufuna ndisangalale liti? Ndinali ndi mpata?"

"Komanso olepherawo sanavomereze zotsatira."

"Sangavomereze. Apita kukhoti?"

"Ayi, anachoka m'dzikomo."

"Asamukira kuti? Ku Mozambiki?"

"Sanasamuke. Anangolengeza kuti achoka."

"Achoka ali pompo? Ngati mkazi wa Symon uja, amene anathetsa banja koma akuphikabe kukhitchini komweko?"

"Chimodzimodzi, malume. Kenako kunabuka nkhondo."

"Wathu wagonja?" Mkuluyo ananong'ona, dzanja lili pachifuwa.

Lorenso anayang'ana mbuzi. Mbuzi inamuyang'ananso. Mawu amodzi okha akanaipulumutsa.

"Anapambananso," anatero mwachisoni. "Akapolo anamasulidwa."

"Kawiri! Nola mpeniwo mbali zonse!"

"Malume, tiphe nkhuku."

"Nkhabe, sizitheka! Nkhuku ndi ya khansala. Uyu ndi pulezidenti."

A Sebastiano anali atagwira kale chingwe cha mbuzi ija. Lorenso anakumbukira tsamba lotsatira la buku lake, nalitsegula, ndipo nkhope yake inawala. Choonadi chinali chitabwera kudzamuthandiza tsopano.

"Dikirani! Palibe chosangalalira. Munthuyo anamuwombera ndi mfuti. Anamwalira!"

Chingwe chinagwa pansi. A Sebastiano anatola chipewa chija, n'kuchifumbata pamimba, nakhala pansi. Lorenso anapumira m'mwamba, akusisita mbuzi yake pamsana.

"Iwe Lorenso," anatero mkuluyo, "wakhala ukudziwa za zovutazi chikhalire pano?"

"Eya, malume. Zili patsamba ili."

"Mwana wopanda mwambo! Maliro a munthu wamkulu chotere anthu adyere nyemba? Thamanga kwa mnansi wathu Imelda ukabwereke ina. Mbuzi imodzi siikwana."