Ulusi pa Kafani ka Kompyuta

Aliyense wakhala akunong'ona kuti kompyuta ya bambo ena ojambula zithunzi kwathu kuno inalodzedwa, eti imazima yokha dzuwa likangofika paliwombo. Ndiye dzulo pa siteji ya basi ndinawamva eni akewo akucheza ndi mayi ena onyamula dengu.

"Pepani bambo, si inu a kompyuta yolodzedwa ija?"

"Ndine, mayi, koma sinalodzedwe. Imangotentha m'kati ngati mbaula. Chonsecho zithunzi za ukwati wa eni ake zili momwemo, akuzifuna Loweruka."

"Mayo ine! Ndiye munatani?"

"Ndinagula kafani koziziritsira, kakang'ono ngati kambale ka kapu, n'kukamanga kumbuyo kwa bokosi lake. Kuyatsa, mphindi khumi zokha, thii! Yazimanso."

"Ayi ndithu, pamenepo pali dzanja la munthu."

"Dzanja lake ndi langa lomweli! Mayi akunyumba, amasoka zovala iwo, anangodula ulusi n'kuulendewetsa kumbuyoko. Ulusi uja n'kukakamira pa kafani. Akuti, 'Bambo, mwakaika motembenuza. M'malo motulutsa mpweya wotentha, kakuubwezera m'kati.'"

"Ulusi wosokera womwewu?"

"Womwewu. Nditakatembenuza, ulusi unayamba kuvinira kunja. Chiyambire Lachiwiri sinazimepo, zithunzi zonse ndasindikiza."

"Abale inu! Mayiwo anaphunzira kuti zimenezi?"

"Nanenso ndinawafunsa. Akuti, 'Zaka zonsezi ndikusokera pawindo, ndingalephere kudziwa kolowera mphepo?'"

Nanga inu, mukanaganizako za ulusi?