Bambo Anga Ananyamulidwa ndi Ena

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima ungapepukeko. Ndine msodzi wa kwa Maganga, ndipo chaka ndi chaka ndimakakoka khoka ku chilumba cha Mbenji. Msana utayamba kuwawa m'chiunomu, ndinkangomanga lamba mothina, kumwa mapilitsi, n'kubwerera m'bwato. Mkazi wanga ankati, "Bambo a ana, pitani kuchipatala." Ine ndinkayankha kuti nsomba sizidikira munthu.

Mwezi watha bambo anga anamwalira. Popita kumanda, amuna ankalandirana jeneza, chonyamulira maliro, paphewa monga timachitira Asilamufe. Nthawi yanga itakwana ndinapereka phewa, koma msana unandibaya mpaka ndinagwa chogwada pamchenga. Anawanyamula ndi anthu ena, mwana wawo woyambane ndikukwawira m'mbuyo ndi ndodo.

Asodzi anzanga, musazengereze ngati ine. Kuchipatalako ndapita tsopano, koma bambo saikidwa kawiri.