Mayi Edith Efulemu, Mphunzitsi Amene Ankaweramitsa Ana

Malemu Mayi Edith Efulemu, aNambewe, anabadwa m'chaka cha 1959 kwa Nathenje, ndipo anabadwa owongoka ngati mwana wina aliyense.

Msana wawo unayamba kupindika ali mu Sitandade 6. Makolo anaganiza kuti ndi mtsuko, nawaletsa kupita kumadzi, koma phewa lakumanja linapitirira kukwera. Pamene ankafika nawo kuchipatala cha Nkhoma n'kuti mafupa atakhwima kale. Adokotala analemba mizere iwiri pa chithunzi cha ekisire, wina pa fupa limene kupindika kunayambira, wina pamene kunathera, napeza madigiri 60 pakati pa mizereyo. Anafotokoza kuti pali kupindika kobadwa nako, pali kobwera ndi matenda a mitsempha, koma kwa malemuwa kunali kosadziwika chiyambi chake, kuja kumakonda atsikana osinkhuka. Anatinso akanabwera msanga, chovala cholimba chomanga pathupi chikanathandiza. Kuchedwa kumeneku kunawawawa moyo wawo wonse.

Anachita maphunziro auphunzitsi, ndipo mu 1983 anakwatiwa ndi Bambo Efulemu, amene anatsogola kale. Ku Mitundu ndi ku Malingunde kumene anaphunzitsa, teremu ikangotsegulidwa ankaweramitsa ana mmodzimmodzi, manja atalendewera, iwo ali kumbuyo kuona ngati nthiti za mbali imodzi zatukuka. Ambiri muli pano munawerama, ndipo ena tikukudziwani, munkakabisala kuchimbudzi. Ankaphunzitsa kuti msana wopindika kamodzi umaoneka ngati C, wopindika kawiri ngati S, n'kutembenuka kuti ana aone S pa iwo eni, opanda manyazi.

Kumpingo anali amayi a Chigwirizano. Bulauzi yawo yoyera ankasoka okha, poti atelala onse a pa Mitundu anali atawalephera.

Chaka chino nthiti zinayamba kupanikiza mapapo, mpweya n'kumawaperewera. Ali chigonere choncho, anaweramitsa mdzukulu wawo Tiyamike, wa zaka 12, ndipo anaona chimene ankachiopa. Ekisire inaonetsa madigiri 22. Kuchipatala anati mwanayo adzayezedwenso, kuti akafika pa 25 ayambe kuvala chovala chija mafupa akadali anthete. Tsiku limene anapatsidwa ndi mawa.

Malemu anamwalira Lachiwiri kunyumba kwawo ku Mitundu. Ankatidziwa bwino, kuti tidzati mwana sachoka pakhomo maliro asanametedwe. N'chifukwa chake anasiya mawu awa: "Ine ndinakhwima kale, musataye nane nthawi. Mwanayo akayezedwe." Tikupepesa kwa mafumu ndi eni mbumba kuti pometa mawa, Tiyamike ndi bambo ake, a Wilson, sadzakhalapo. Adzakhala atalawirira ku Nkhoma.

Asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awiri.

Msana umene unawalemera zaka zonsezi, lero autula. Apumule mu mtendere.