Chotupa cha Mumsana

Pamzere wodikira adokotala, mayi wina anakhala pabenchi atafumbatira envelopu yaikulu ya zithunzi za kuchipatala. Bambo woyendera ndodo amene anali pambali pake ndiye anayamba kulankhula.

"Zithunzizo ndi zanu, mayi?"

"Ndi za amuna anga, ali kuwodi. Miyendo inayamba dzanzi, ife n'kumati ndi kutopa, poti ndi atelala, amapalasa makina tsiku lonse. Chaka chathunthu tikungopaka mankhwala. Atawajambula, apeza chotupa mkati mwa msana, chikupanikiza mitsempha."

"Adokotala akuti bwanji?"

"Akuti opaleshoni Lachinayi. Koma eni ake akukana, akuti akangowang'amba pamenepo sadzayendanso."

"Inenso ndinkatero. Changa anachotsa chaka chatha. Kanthu kake kangati nyemba, koma kanandigoneka miyezi inayi."

"Ndiye munachira?"

"Ndisakunamizeni, mwendo wakumanzerewu ukadali waulesi. Koma tsiku loyamba anachita kundinyamula, lero masitepe a pachipatala pano ndakwera ndekha."

Mayi uja anayang'ana ndodoyo kanthawi.

"Bambo, adokotala akakuonani muthamangira kuti?"

"Kuthamanga ndiye sindinayambe, mayi."

"Chonde, tikapitire limodzi kuwodiko. Musakavutike n'kuwanyengerera amuna angawo. Mukangoyenda, iwo akuona."